Ndalama za M'ndowa ya Ufa

Ndinazipeza Lachiwiri m'mawa, ana atapita kusukulu. Ufa unali utatsala pang'ono kutha, ndiye ndinapendeketsa ndowa kuti ndikokolole wotsalira m'mbali, ndipo kambale kotapira kanagunda kanthu pansi. Kanali kajumbo ka shuga, kopindidwa kangapo n'kumangidwa ndi mphira. M'katimo munali pepala long'ambidwa m'kope, ndipo m'pepalamo ma K200 anayi ndi K500 imodzi. Ndinakhala pansi pakhomo la khitchini n'kuziyala pachitenje, nkhope ya Rose Chibambo ili mbuu ndi ufa, kundiyang'ana kanayi konse. Mtima unafuna kundinamiza kuti n'zakale, zotsalira za nthawi ija, zimene mwiniwake anaziiwala. Koma ndowa imeneyi ndimaikhuthula mwezi ndi mwezi, ndipo papepalapo panali masamu a Fomu 1 ndi deti la sabata yatha. Kalembedwe ndinakadziwa. N'ka mwana wanga wachisamba, amene amalemba 7 wodula pakati monga ndinamuphunzitsira ndekha pamchenga asanayambe sukulu.

Chimene chinayamba kubwera ndi mkwiyo, ndipo ndikuchita manyazi kunena zimenezi. Ndinaimirira n'kuyamba kusesa pabwalo posesa kale, ndikudziyankhulira. Zaka zinayi! Kuyambira Febuluwale 2021 sindinalawepo ndi dontho lomwe. Ndadutsa maukwati, ndadutsa maliro amene amuna amachezera kuseri kwa nyumba ndi mabotolo m'matumba a jekete, ndadutsa Khrisimasi zinayi ndi Fanta m'manja anthu akundiyang'ana m'mbali. Ndimadzuka azana ya m'bandakucha ikamveka kumzikiti, ngakhale ine ndine wa kutchalitchi, n'kuyamba kukazinga mandasi kuti dzuwa likamatuluka ndikhale nditafika pamsika pa Nselema mabasi a ku Liwonde asanayambe kudutsa. Fizi ndalipira, yunifomu ndagula, sopo sasowa. Ndiye mwana ameneyu akufuna chiyani china? Ndimupatse magazi? Ndinasesa mpaka kumsewu, kenako tsache linangoima lokha. Masiku amene ndimawerengawo, amene poyamba ndinkaponyera timiyala m'chitini tsiku ndi tsiku, ndi anga ndekha. Iye ali ndi kawerengedwe kake, ndipo palibe amene anandilonjeza kuti chitini changa chikadzadza, chakenso chidzakhala chitadzadza.

Kubisa ndinamuphunzitsa ndine. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene anayamba. Amalume ake akamupatsa ndalama ya makope, kapena akagulitsa mango m'mbali mwa msewu, ine ndinkadikira kuti agone. Ndikukumbukira manja anga akupapasa pansi pa mkeka mwana ali m'tulo, ndikupuma pang'onopang'ono ngati wakuba, ndipo wakuba ndinalidi. M'mawa akafunsa ndinkamukalipira kuti ndi wosasamala, wataya yekha. Ankandiyang'ana osalira. Kenako anasintha malo. Anabisa paudzu wa denga, ndinapeza. Anabisa m'nsapato yakutha ya mlongo wake, ndinapeza. Anakumba kuseri kwa bafa n'kuikapo mwala, ndinapezanso, chifukwa chibaba chili ndi maso kuposa mphaka. Malo amodzi okha sindinawaganizire m'zaka zonsezo, ndipo nditakhala pakhomo paja ndi ndalama pachitenje ndinamvetsa chifukwa chake. Mayi woledzera saphika. Ndowa ya ufa ndi chinthu chokha m'nyumba muja chimene dzanja langa silinkafikamo, poti amene ankatapa ufa, kusonkha moto ndi kuvundula nsima anali iyeyo, mwana wa Sitandade 3, mthiko ukumutalikira. Anasankha malo amene ankadziwa kuti amayi ake sangafikeko. Ndipo tsopano ndimaphika ndine, tsiku lililonse, koma iye sanasinthe malo.

Anthu akandifunsa kuti zinayamba bwanji ndili ndi nkhani yokonzeka kale, yosalala chifukwa choinena kawirikawiri. Bambo a anawa anakwera basi ya ku Joni mu 2014, wamng'onoyu ali kumsana, monga achitira amuna ambiri a kuno. Chaka choyamba ankatumiza ndalama ndi mabulangete, chachiwiri ankangoimba foni, chachitatu nambala inasiya kulowa, ndipo achibale awo anayamba kunena mawu aja akuti mtchona mosandiyang'ana kumaso. Ndinalimbikira munda. Mu 2017 ndinakolola nandolo matumba asanu ndi limodzi, ndipo ndinali nditawerengera kale malata. Chaka chimenecho dziko la India, limene linkagula nandolo wathu wambiri, linachepetsa zogula kunja, mtengo unagwa, ndipo mavenda a masikelo ankatchula ndalama yoti munthu umaganiza kuti sunamve bwino. Mayi wina wa kutsidya kwa dambo anandiphunzitsa kutcheza kachasu. Umaviika madeya ndi shuga mumgolo masiku angapo mpaka zitasasa n'kusiya kuwira, umathira mumtsuko pamoto, umamata kukamwa kuti nthunzi isathawe, ndipo paipi imadutsa m'chimtengo chogoba chodzadza madzi ozizira mpaka kukadonthera m'botolo. Woyamba kudontha ndiye mutu, waukali kuposa wonse. Boma linali litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo amene sankakwanitsa timabotolo ta m'magolosale ankabwera kwa ife. Kuno ambiri ndi Asilamu, choncho makasitomala ena ankadzera njira ya kumunda, mdima utagwa, osapereka moni. Ndalama inkalowa. Ana anadya nyama mwezi umenewo.

Nkhaniyi ndi yoona, koma ndazindikira kuti ndimaikonda chifukwa muli anthu ambiri olakwa ine ndisanatchulidwe: mwamuna, mavenda, India. Mayi amene anandiphunzitsa uja watcheza kachasu zaka zambiri ndipo sanayambe wamwapo. Akafuna kudziwa ngati mowa wakhala bwino amadontheza pang'ono pankhuni yoyaka n'kuona lawi. Ine ndinkati lilime ndilo silinama. Ndinkalawa kasupuni, kenako kachivundikiro ka botolo, kenako toti imodzi yoti ndipeze tulo, popeza usiku ndi wautali kwa munthu amene akumvetsera foni yosalira. Sindingathe kuloza tsiku limene kulawa kunasanduka kumwa. Ndikungokumbukira m'mawa wina ndikulephera kumanga mpango chifukwa cha kunjenjemera kwa manja, ndipo nditamwa pang'ono kuti ndichotse matsire manja anakhazikika, ine n'kusangalala ngati ndapeza mankhwala. Pofika 2019 velemoti imene ndinkagulitsa inali yochepa kuposa imene ndinkamwa, ndipo shuga ndinkatenga pangongole. Amayi oyandikana nawo ankakokera ana awo m'nyumba ndikamadutsa. Dzina langa linatha, ndinangokhala chidakwa chija.

Za usiku wa mu Januwale 2021 ndimazidziwa mochita kuuzidwa, ndipo chimenechi ndicho chimandipweteka kwambiri. Mvula inkagwa. Wamng'onoyu thupi linatentha ndi malungo mpaka kuyamba kubwebweta. Mlongo wake anandigwedeza, anandithira madzi kumaso, anandikoka mwendo, ine ndili gada pamkeka. Ndiye anamubereka yekha ndi chitenje changa, mwana wa zaka khumi kubereka wa zisanu ndi chimodzi, miyendo ikukhukhuluzika m'matope, mpaka kukagogoda kwa mayi wa Chisilamu amene timagawana naye mpanda, ndipo mwamuna wake anawakweza panjinga kupita kuchipatala. Ine ndinadzuka dzuwa lili pamutu, nyumba ili zii, chitseko chili pululu. Madzulo anabwera achimwene anga, amene ndiwo mwini mbumba kwathu. Sanakhale pampando. Anaima pabwalo n'kunena kuti, "Achemwali, ana aja ndawatenga. Mukadzawafuna mukudziwa kumene ali, koma musadzabwere ndi fungo limeneli." Ndinati, "Achimwene, ana ndi anga." Anayankha kuti, "Dzulo usiku anali a ndani?" Ananyamula kachikwama ka zovala n'kumapita. Mpaka lero funso limenelo sindinaliyankhe.

Ndinamwa masabata ena atatu, tsopano ndi chifukwa chatsopano. Kenako tsiku lina ndinakhuthulira mgolo wonse kudzala, ndipo ndinkaganiza kuti nkhondo yathera pomwepo. Tsiku loyamba thukuta ndi kusanza. Lachiwiri ndinayamba kuona nyerere zikutuluka m'khoma n'kumakwera m'miyendo, ndikumva ana akulira panja pamene kulibe munthu. Lachitatu ndinagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, ndipo mayi wa Chisilamu uja ndi amene anandipeza. Anandipititsa kuchipatala chachikulu ku Liwonde, kumene anandipatsa mankhwala okhazika thupi ndi mavitamini. Adokotala anandiuza mosabisa kuti munthu amene wakhala akumwa tsiku ndi tsiku sayenera kusiya mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba, chifukwa thupi lozolowera likhoza kugwedezeka mpaka kufa. Anatchulanso za chipatala cha ku Zomba, koma kwathu kuno munthu akangomva Zomba Mental amati wapenga, ndipo ine ndinaopa dzina lachiwiri pamwamba pa loyamba lija. Ndinamvanso kuti a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba, koma kuchokera pa Nselema umenewo ndi ulendo wa munthu wa ndalama. Chimene ndinali nacho ndi mayi wa kuseri kwa mpanda, amene mwezi wathunthu ankandiitana kukasenda chinangwa pakhonde pake nthawi ya madzulo, nthawi imene chibaba chimaluma kwambiri, osandilalikira ngakhale kamodzi. Mgolo ndi paipi ndinagulitsa. Ndalama yake ndinagula chiwaya ndi ufa wa tirigu.

Ana anabwerera kumapeto kwa chaka chimenecho. Wamng'onoyu anathamanga kuchokera kumsewu n'kundikumbatira m'miyendo, ndipo madzulo omwewo anagona pamwendo panga ngati sipanachitike kanthu. Wamkuluyu analowa m'nyumba, anayang'ana kuseri kwa chitseko, anasuzumira mumtsuko wa madzi, ananunkhiza kapu imene inali pawindo, kenako anapita kukhitchini kukasonkha moto. Ndinati, "Iwe, siya, ndiphika ndine." Anati, "Ndazolowera, Amayi." Miyezi yambiri tinkalimbirana mthiko, mwaulemu, popanda mawu okweza. Ndikaphika ankalawa ndiwo ngati apongozi. Mlongo wake akakhosomola usiku, ndisanadzuke n'komwe iye amakhala atafika kale, dzanja lili pamphumi pa mwanayo. Ndikachedwa kumsika ndinkamupeza ataima panjira, ndipo ndikayandikira ankanamizira kundichotsa kachitsotso paphewa kuti amve mpweya wanga. Ndinkadziwa chimene akuchita, iyenso ankadziwa kuti ndikudziwa. Ndinkaganiza kuti kumanganso banja ndiko kubwezeretsa zimene zinasowa, chakudya, sopo, fizi, malata. Sindinadziwe kuti pali ntchito ina yovuta kuposa imeneyo, yolanda mwana udindo umene ndinamusenzetsa ndekha, pamene udindowo ndi umene unawapulumutsa onse awiri. Ukamuuza kuti tula, akutula m'manja mwa ndani? Mwa munthu yemwe uja amene anagona chitseko chili pululu?

Lachinayi lililonse timakumana kubanki mkhonde, amayi makumi awiri pansi pa mtengo wa mango. Pakati pamakhala bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosi limagona kwa wachinayi amene alibe kiyi, ndipo ndalama iliyonse imawerengedwa mokweza, aliyense akuona. Amayi amenewa ndi oti anabadwira limodzi, amatunga pamjigo umodzi, amaphikirana pamaliro. Koma sindinamvepo wina akudandaula kuti maloko atatuwo akumunyoza. Amene amasunga bokosi amati amagona tulo tabwino chifukwa choti sangalitsegule, ngakhale mwana wake atadwala pakati pa usiku. Chaka chatha anandisankha kusunga kiyi mmodzi, ine yemwe uja, ndipo ndinalira panjira pobwerera. Sabata imene ndinapeza kajumbo kaja ndinakhala pamsonkhano ndikuyang'ana bokosilo, kiyi wanga ali pachingwe m'khosi, ndipo ndinaganiza kuti mwina mwana wanga wangochita zimene amayi akuluakulu makumi awiri amachita popanda wina kukwiya. Waika loko wake. Anthu amene amafuna kukhalitsa limodzi ndi amene amakhoma bokosi, kuti tsiku la mayesero lisawadanitse.

Ganizo limeneli linanditonthoza masiku awiri, kenako linayamba kuwawa. Amayi a kubanki mkhonde ndi akuluakulu, analowa mwakufuna kwawo, ndipo chaka chikatha amagawana n'kuyambanso. Mwana sanasankhe kukhala msungichuma wa mayi ake. Anzake a zaka 14 akabisa ndalama amabisira mafuta odzola kapena mayunitsi a foni ya mnzawo. Iye ndikudziwa chimene akubisira, chifukwa K1,300 si ya zodzola. Ndi ya njinga ya kabaza usiku wina mvula ikugwa. Ndipo choopsa n'chakuti sindingamuuze kuti akulakwitsa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la khitchini ndi kukokolola chimanga changa chonse cha kudambo, ndinayenda mpaka kutsidya, kwa mayi uja. Ndinakhala pabenchi, K500 ili m'manja, fungo la mutu likutuluka m'paipi, malovu atadzadza m'kamwa. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Ndinaimirira n'kubwerera osagula, ndipo ndimakonda kukumbukira kubwererako. Koma miyendo imene inandibweza ndi yomweyo imene inandipititsa. Anthu akamati madzi saiwala khwawa ndimakwiya, chifukwa amanena moseka, koma m'kati mwanga ndimadziwa kuti khwawalo lilipo ndipo silinakwiririke. Tsiku limenelo nditafika kunyumba anandichotsa kachitsotso paphewa, anapuma, n'kubwerera kukawola njerwa zakugwa. Sanapeze fungo la mowa m'kamwa mwanga. Koma utsi wa kumeneko unali m'chitenje, ndipo mwana amene anakulira pafupi ndi mtsuko wa kachasu sangausokoneze ndi utsi wina.

Ndiye ndinatani nazo ndalamazo? Ndinaganiza zomuitana kuti tikhale pansi, ndimuuze kuti ndapeza, ndipepese, ndilonjeze. Koma malonjezo anga anawamva ambiri ali wamng'ono, ena ndikulira, ena nditagwada, ndipo onse anathera mumgolo. Ndinaganiza zoonjezerapo K1,000 mwakachetechete kuti adziwe kuti amayi ake tsopano amaika m'malo motenga. Usiku wonse ndinaliona ganizo limeneli kukhala labwino, mpaka ndinazindikira kuti likanangomuuza chinthu chimodzi, chakuti dzanja langa lafikanso pamalo ake omaliza, ndipo ndikufuna andiyamikire. Ndinapinda pepala lija mmene linalili, ndinamanga mphira kawiri monga anamangira iye, ndinabwezera pansi pa ndowa n'kukwirira ndi ufa wotsalawo. Masiku atatu tinadya nsima yochepa, ine ndikutapa pamwamba pokha. Lachisanu madzulo akutsuka mbale ndinati, "Iwe, mawa ndikupita kuchigayo. Ndowa ija ndiitsuka m'mawa." Manja ake anaima m'beseni kanthawi kochepa. Sanatembenuke. Anati, "Chabwino, Amayi," n'kupitiriza kutsuka.

M'mawa ndowa inali ndi ufa wokhawokha. Ndikuitsuka pamjigo ndinayamba kuwerenga miyezi. Kuchokera pamene anabwerera, ndowa imeneyi ndaikhuthula kopitirira makumi atatu, ndipo sindinapezepo kanthu. Ndiye kuti mwezi uliwonse ankayang'anira ufa, ukatsika ankachotsa kajumbo kake ine ndisanafike pansi, n'kukabwezera ndikabwera kuchigayo, osaphonya ndi kamodzi komwe. Mwezi uno anaphonya. Ndinayesa kukumbukira chimene chinamutangwanitsa sabata imeneyo, ndipo ndinakumbukira kuti masiku onsewo ankafika mochedwa, fumbi lili m'miyendo, akukangana ndi anzake panjira za mpira wa manja umene anagonja ndi sukulu ina. Lolemba lake anafika dzuwa litalowa, anapeza ndaphika kale, anadya osalawa ndiwo kaye, n'kugona osafunsa ngati mlongo wake wasamba. Ndinamukalipira pang'ono za kuchedwako. Sindinadziwe kuti ndikukalipira chinthu chimene ndakhala ndikuchipempha zaka zinayi. Sindikufuna kuchikulitsa, mwina anangotopa, mwina mwezi wamawa adzakhalanso maso ngati kale. Koma kwa sabata imodzi mwana wanga anaiwala kulondera nyumba.

Ndinabwera kuchigayo masana, thumba lili pamutu, ufa ukadali wofunda. Ndinauyanika pamkeka, ndipo utazizira ndinauthira m'ndowa mpaka kudzadza. Iye anali pakhonde ndi kope lake, akulemba, maso ake akubwera kwa ine n'kubwerera. Ndinavundikira ndowa, ndinauza wamng'onoyu kuti andiperekeze, ndinatenga chigubu n'kupita kumjigo. Madzi m'nyumba analimo okwanira. Pamjigo panalibe mzere, koma ndinakhala pamwala n'kumacheza ndi amayi a kumeneko za mtengo wa shuga mpaka dzuwa litapendeka.